Za Mtengo wa Sitata ya Galimoto Lakale

Galimoto lakale longa Land Cruiser 70, limene Toyota anayamba kupanga mu 1984, likakana kulira, wodwala afika mochedwa kuchipatala. Koma tisafulumire kugula sitata yatsopano, pakuti mtengo wake ngwaukulu, makamaka pa injini ya dizilo imene ifuna sitata yamphamvu. Poyamba tiyese batire ndi kupala mitu yake, chifukwa kawirikawiri nthenda ikhala pamenepo. Tikamva kugogoda kokha, kapena timkuwa ta m'solenoidi tatha. Timeneti, pamodzi ndi mabulashi, mmisiri asintha ndi ndalama zochepa. Sitata yogwirapo kale ntchito njotsika mtengo, koma wogulitsa aiyese ndi batire ife tili kupenya. Tinyamulenso yakufayo, kuti tifanizire mano ake tisanapereke ndalama.