Linux ndi yaulere, koma a ku Chadiza ayambe aganiza

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inali kucitira kale, ndipo makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11. Nkhaniyi ikukhudza masukulu ndi maofesi ang'onoang'ono a m'maboma monga Chadiza, kumene kompyuta nthawi zambiri imafika itagwira kale nchito kwina.

Ena akulangiza kuti eni makompyuta otere aikemo Linux. Iyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kuigawa popanda kulipira. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mavairasi ambiri oyenda pa fulashi saigwira. Komabe zovuta zake zilipo, ndipo zimakula munthu akakhala kutali ndi tauni.

Vuto lalikulu ndi intaneti. Pa Windows, mphunzitsi angatenge pulogalamu pa fulashi ku Chipata, n'kukaiika m'makompyuta onse a pasukulu. Pa Linux, pulogalamu imodzi imadalira tizigawo tina tambiri timene kompyuta imakatenga yokha pa intaneti. Kumene netiweki ili yofooka, kapena kumene mphunzitsi amagula bando ndi ndalama za m'thumba mwake, nchito ya mphindi khumi ingathe tsiku lonse. Magetsi akazima pakati pa nchitoyo, monga zinali kucitikira kawirikawiri m'caka ca cilala ca 2024, kompyuta ingakane kuyamba bwino.

Ikakana, adzaikonza ndani? Amisiri ambiri a makompyuta anazolowera Windows, ndipo ena akaona Linux amangoifufuta. Printa nayonso ingavute, cifukwa si makampani onse amene amapereka mapulogalamu oyendetsera zipangizo zao pa Linux.

Palinso nkhani ya makalata. Microsoft Word ndi Excel siziikidwa mwacindunji pa Linux. M'malo mwake muli LibreOffice. Imalemba bwino ndithu, koma fomu yocokera ku ofesi ya boma nthawi zina imatseguka mizere itasokonekera. Kalaliki amene akuthamangira kubweza lipoti alibe nthawi yowongola zimenezo.

Ana a sukulu ndiwo ofunika kuwaganizira kwambiri. Pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies mu 2015, m'masukulu ena anacezera usiku podikirana cifukwa ca kucepa kwa makompyuta. Conco kompyuta iliyonse imene ingaukitsidwe ndi yamtengo wapatali. Koma mwana amene waphunzira pa Linux yokha adzafunika kuzoloweranso akadzapeza Windows kunchito, ndipo mphunzitsi amene anaphunzira Windows ku koleji afunika maphunziro ena asanaime pamaso pa kalasi. Maphunzirowo saali aulere.

Ndipo si kompyuta yakale iliyonse imene Ubuntu ingaukitse, pakuti kuyambira mu 2017 analeka kutulutsa mtundu woika m'makompyuta a 32-bit.

Ngakhale olemera zinawavutapo. Mzinda wa Munich ku Germany unasamutsira makompyuta masauzande ambiri ku Linux, koma mu 2017 khonsolo yake inavota kuti abwerere ku Windows, ngakhale kuti ena amati ndale ndizo zinakula pa cosankhaco.

Mkulu wa sukulu kapena wa kopaletivu amene akufuna kuyesa, ayambe ndi kompyuta imodzi. Linux imatha kuyendetsedwa kucokera pa fulashi popanda kufufuta ciliconse. Ayese printa, atsegule mafomu amene amagwiritsa nchito mwezi ndi mwezi, ndipo afunse ngati ku Chadiza kapena ku Chipata kuli mmisiri amene angabwere ikavuta.