Bwalo la ndege si chigwa chosalala chabe

Ife a ku Dzoole ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tikamva za bwalo la ndege, timaganiza za Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, kumene kuli nsanja yolondolera ndege, nyali za usiku ndi galimoto zozimitsa moto. Koma dziko lino lilinso ndi timabwalo ting'onoting'ono, monga ta pachilumba cha Likoma ndi pa Chelinda kuphiri la Nyika. Kodi woyendetsa ndege amafuna kupeza chiyani pamalo otere kuti atere bwinobwino?

Choyamba ndi kudziwa kumene mphepo ikuchokera. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa ikatero sifunika kuthamanga mtunda wautali pansi. N'chifukwa chake ngakhale pabwalo losauka pamakhala thumba lansalu lopachikidwa pamtengo. Mphepo ikalowa m'thumbamo limaloza kumene ikupita, ndipo likawongoka kwambiri woyendetsa amadziwa kuti ndi yamphamvu.

Chachiwiri ndi kutalika kwa msewu wa ndege. Chelinda ali pamtunda wopitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, injini imachepa mphamvu ndipo mapiko sagwira bwino, makamaka masana kukatentha. Choncho woyendetsa amachepetsa katundu kapena kunyamuka m'mamawa. Msewu wa udzu kapena dothi umafunanso munthu woutchetcha, wokwirira maenje ndi wothamangitsa ziweto kapena nyama zakutchire.

Chachitatu ndi mafuta ndi kuwala. Pa timabwalo tambiri sagulitsa mafuta, motero ndege imanyamula okwanira kupita, kubwerera, ndi ena apadera. Popanda nyali, iyenera kutera kusanade. Ife amene timayang'anira nthawi yolowa dzuwa Lachisanu lililonse tikumvetsa kuwerengera kotere. Ku Longyearbyen, pazilumba za Svalbard m'dziko la Norway, nkhaniyi ndi yokulirapo: dzuwa silituluka kwa miyezi pafupifupi inayi, ndipo bwalo lawo, lomwe lidatsegulidwa mu 1975, limadalira nyali, zida zolondolera ndege ndi anthu ochotsa chipale chofewa pamsewu.

Chachinayi, chomwe chiposa zonse, ndi uthenga wa zanyengo ndi wailesi yolumikizirana. Chifunga chimene chimakuta mapiri athu mu June chimabisa mitengo ndi zitunda kwa munthu amene ali mumlengalenga. Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo ili yoipa. Sidatere ku Mzuzu, idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse asanu ndi anayi adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima.

Kabwalo kakang'ono kamathandiza kwambiri. Kuchoka ku Nkhata Bay kukafika ku Likoma pa sitima ya Ilala ndi ulendo wa maola angapo, pamene wodwala wofunika chithandizo chamsanga alibe nthawi yodikira. Koma kuti ndege imufikire, pafunika anthu odziwa masamu, sayansi ndi zanyengo amene aziyeza mphepo, kulemba mitambo ndi kunena zoona pawailesi. Ambiri a ife tikuphunzira uphunzitsi, ndipo anthu amenewo adzachokera m'makalasi mwathu.