Kudula ndi kuchulukitsa makorali m'mathanki

Kudula ndi kuchulukitsa makorali ndi ntchito imene amachita anthu oweta zamoyo za m'nyanja ya mchere m'mathanki agalasi. Woweta amadula kachidutswa ka korali wamoyo n'kukamata pa kamwala, ndipo kachidutswako kamakula mpaka kukhala korali wina wofanana ndendende ndi amene kanachokerako. M'Chingerezi kachidutswaka amakatcha frag, ndipo ntchito yake amati fragging. Mchitidwewu ndi wofala ku United States, Germany, Britain, Japan ndi Australia, kumene anthu ambiri amasunga mathanki otere m'nyumba zawo. Makorali sakhala m'madzi opanda mchere monga a m'nyanja ya Malawi. Apafupi ndi dera lino ali m'nyanja ya Indian Ocean, monga ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto ku Mozambique.

Chifukwa chake korali wodulidwa safa

Ngakhale amaoneka ngati mwala kapena kamtengo, korali ndi nyama. Chimene diso limaona ngati chinthu chimodzi nthawi zambiri chimakhala gulu la tizamoyo tambirimbiri totchedwa mapolipi, tolumikizana ndi mnofu umodzi. Polipi aliyense ali ndi kamwa lake ndi timanja togwirira chakudya. Makorali olimba amapanga chigoba cha laimu pansi pa mnofuwo, pamene makorali ofewa alibe chigoba choterocho. M'kati mwa mnofu mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala n'kumagawana ndi koraliyo.

Gululi limakula chifukwa polipi mmodzi amaphuka kapena kugawikana n'kukhala awiri. Choncho kachidutswa kokhala ndi mapolipi ochepa amoyo kali ndi zonse zofunika kuti kayambe gulu lina. Zimafanana ndi phesi la chinangwa kapena kholowa wa mbatata: chodzalidwacho si mbewu yatsopano, koma mbewu yomwe ija pamalo ena. M'nyanja zimenezi zimachitika zokha. Namondwe akathyola nthambi za korali wa mtundu wa Acropora cervicornis ku Caribbean, nthambi zimene zagwera pamalo olimba zimagwira n'kupitiriza kukula, ndipo mtunduwu umadalira kwambiri njira imeneyi pofalikira.

Kudulira

Chifukwa choyamba chodulira makorali n'chakuti thanki ili ndi malire. Kale vuto la oweta linali loti makorali olimba ankangofa. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1980, pamene oweta a ku Germany anapeza njira zoyeretsera madzi, zowonjezera kashiamu ndiponso zowalitsa thanki mokwanira. Korali wa mtundu wa Acropora amene anakula m'thanki ya Dietrich Stüber ku Berlin ndi mmodzi mwa oyamba kudziwika kuti anakula bwino m'nyumba, ndipo zidutswa zake zinagawidwa mpaka kumayiko ena, kumene amadziwikabe ndi dzina la mwini thankiyo. Kuyambira pamenepo, woweta amene zikumuyendera anayamba kukumana ndi vuto lina: makorali kudzaza thanki.

Makorali oyandikana sakhalirana mwamtendere. Mitundu monga Galaxea ndi Euphyllia imatulutsa timanja tatitali toluma, makamaka usiku, timene timawotcha mnofu wa korali aliyense amene tamufika. Ina imatulutsa timitsempha ta m'mimba mwake n'kugaya mnzake ali pomwepo. Makorali ofewa ambiri amathira m'madzi mankhwala olepheretsa anzawo kukula, ndipo m'thanki mankhwalawo alibe kothawira. Nkhondo ina ndi yachete: korali wa nthambi akatambalala pamwamba amaphimba kuwala, ndipo amene ali pansi pake amafooka pang'onopang'ono. Ngakhale korali mmodzi yekha akathithikana, madzi sayendanso bwino pakati pa nthambi zake, zinyalala zimaunjikana ndipo tsinde lake limayamba kufa. Mitundu yofulumira monga Xenia imatha kukuta miyala yonse ngati udzu wa kapinga ikapanda kuchepetsedwa.

Apa woweta sachitira mwina koma kudula. Ndipo poti chodulidwacho ndi chamoyo, ambiri saona chanzeru kuchitaya.

Kupulumutsa ndi kusungitsa

Pali matenda amene amasupula mnofu wa korali n'kusiya chigoba choyera. Ena amayenda pang'onopang'ono, koma ena amatha kumaliza korali wamkulu wa Acropora m'tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala odalirika ndi ochepa, choncho njira imene oweta amathamangira ndiyo kudula nthambi zimene zidakali bwino, patali ndithu ndi pamene matenda afika, n'kutaya zotsalazo. Zimenezi sizipulumutsa korali nthawi zonse, koma kawirikawiri nthambi imodzi kapena ziwiri zimatsala.

Chachikulu kuposa pamenepa ndi kusungitsa. Thanki ya makorali imadalira makina: pampu yoyendetsa madzi, nyali, ndi chotenthetsera chosunga madzi pakati pa madigiri 24 ndi 27. Magetsi akazima nthawi yaitali, chotenthetsera chikakanirira, kapena makina othira mankhwala akathira mopyola muyeso, zamoyo zimene munthu wazisamala zaka khumi zimatha kufa usiku umodzi. Woweta amene anagawirako anzake zidutswa amakhala ndi kolowera: amakatenga kachidutswa ka korali wake yemwe uja m'thanki ya mnzake n'kuyambiranso. Zili ngati mlimi wosungitsa ziweto zina m'khola la mbale wake kutali, kuopa mliri. Pa zifukwa zonse zodulira korali, ichi n'chimene woweta watsopano amachedwa kuchimvetsa, chifukwa kudula korali wokongola amene sakudwala kumaoneka ngati kuwononga.

Malonda ndi malamulo

Zidutswa zimagwiranso ntchito ngati ndalama. Magulu a oweta amakonza masiku osinthana ndi kugulitsana, ndipo ambiri amapezerapo ndalama zogulira mchere, mankhwala ndi kulipirira magetsi. Makorali a maonekedwe achilendo amapatsidwa mayina amalonda, monga Oregon Tort ndi Green Slimer, ndipo wogula amafuna kudziwa kuti kachidutswa kake kanachokeradi ku kholo lenilenilo. Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo ka korali amene watchuka kumene kamatha kugulidwa madola mazanamazana, koma mtengo umatsika anthu ambiri akamuchulukitsa. Korali amene wakhala m'mathanki kwa mibadwo ingapo amapiriranso bwino kuwala kwa nyali ndi madzi osungunulira mchere kusiyana ndi wongochotsedwa kumene m'nyanja, amene nthawi zina amasintha mtundu kapena kufa ali paulendo.

Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sadutsa malire a dziko popanda chilolezo. Mu 2018 dziko la Indonesia, limene linkatumiza kunja makorali ochuluka kuposa dziko lina lililonse, linaimitsa malondawa, ndipo linawatsegulanso mu 2020 kwa makorali olimidwa. Pa nthawi imeneyo masitolo a ku Ulaya ndi ku America anadalira kwambiri makorali a ku Australia ndi zidutswa zochulukitsidwa m'mathanki.

Kadulidwe ndi ngozi zake

Makorali a nthambi amadulidwa ndi pulayala yakuthwa, ofewa ndi lumo kapena sizasi, ndipo a chigoba chokhuthala ndi kamakina ka sowo. Kachidutswa kamamatidwa ndi guluu wa supagulu, amene amauma ngakhale m'madzi. Makorali ofewa oterera amamangidwa ndi ulusi kapena kanetineti mpaka atagwira okha. Ambiri amayamba aviika zidutswa m'mankhwala, chifukwa kusinthana kumafalitsanso tizilombo, monga nyongolotsi zaphanthi zodya Acropora. Pakapita milungu ingapo mnofu umakuta bala n'kuyamba kuyanga pa kamwala.

Ngozi yaikulu ili pa mitundu ya Palythoa ndi ina yofanana nayo, imene imatha kukhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Poizoniyu anapezeka koyamba ku Hawaii mu 1971, ndipo ndi mmodzi mwa oopsa kwambiri m'chilengedwe. Amalowa pa bala, m'maso, kapena popuma nthunzi yake. Anthu akhala akugonekedwa m'chipatala atakwecha kapena kuthira madzi otentha pa miyala yokhala ndi zamoyozi. N'chifukwa chake odula amavala magolovesi ndi magalasi.

Kunja kwa thanki

Luso lomweli likugwiritsidwa ntchito pobwezeretsa makorali m'nyanja. Ken Nedimyer, amene ankalima miyala yogulitsa kwa oweta ku Florida Keys, anapeza Acropora cervicornis atamera pa miyala yake, n'kuyamba kumudula ndi kumuchulukitsa. Mu 2007 anayambitsa bungwe la Coral Restoration Foundation. David Vaughan, ali ku Mote Marine Laboratory, anaona kuti makorali okula pang'onopang'ono amafulumira kwambiri akadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo tizidutswa ta kholo limodzi tikakumana timalumikizana n'kukhala korali mmodzi.

Komabe kunena kuti oweta a m'nyumba akupulumutsa nyanja n'kukokomeza. Makorali a m'mathanki awo sabwezedwa m'nyanja, kuopa matenda ndi mitundu yachilendo. Makorali a polipi mmodzi wamkulu, monga Trachyphyllia, savomera kudulidwa mosavuta ndipo ambiri amachotsedwabe m'nyanja. Komanso zidutswa chikwi za kholo limodzi zimakhala ndi chibadwa chimodzi, moti kutentha kapena matenda amene angaphe chimodzi angaphe zonse. Chibadwa chatsopano chimabwera pokhapokha makorali akaswana ndi mazira ndi umuna. Mu 2013 akatswiri a ku Horniman Museum ku London anachititsa makorali kuswana motero m'thanki, potengera kutentha kwa nyengo, kutalika kwa usana ndi kuwala kwa mwezi za kumene makoraliwo anachokera.