Nkhokwe ya Dziko Idzazidwe Nthaŵi ya Masika

Ku Nkaya, m'boma la Balaka, ndi kumene njanji za dziko lathu zimakumana. Yakale imachokera ku Limbe kupita ku Salima. Ina idatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo imaoloka Shire pa Liwonde, kupyola m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi ndi kudoko la Nacala. Masiku ano pali yachitatu, m'mene mumayenda sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Chuma chambiri chimapyola pamenepa usana ndi usiku. Koma midzi yozungulira siteshoniyo ili m'chigwa chotentha, cha milambe ndi thonje, kumene mvula imachedwa kudza ndipo sichedwa kuleka. Ng'amba ikachita mu Januwale, mabanja ambiri chakudya chimaŵathera dzinja lotsatira lisanafike n'komwe.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma njala ya kuno imaimba ndithu. Mlimi amaidziŵa mu Febuluwale, poona chimanga chikufota chisanabereke. Boma nalonso limaidziŵa, pakuti alangizi a zaulimi amayerekeza zokolola chaka ndi chaka, ndipo komiti ya MVAC imaŵerenga anthu amene adzasoŵa chakudya. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa tsoka la chilala, Balaka ndi Machinga ali momwemo. Pambuyo pake komitiyo idapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzafuna chithandizo kuyambira Okutobala 2024 kufikira Malichi 2025. Kuchokera tsiku lolengezalo kufikira Okutobala panali miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. Nanga ngati njala imadziŵika kale chotere, chithandizo chimachedwa bwanji?

Kaŵirikaŵiri yankho lake lili pa ndalama, makamaka pa nthaŵi imene ndalamazo zimatuluka. Chimanga chimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni. Bungwe losunga nkhokwe ya dziko, la NFRA, pamodzi ndi ADMARC, akalandira ndalama nthaŵi imeneyo amagula chambiri, ndiponso amagula kwa alimi a m'dziko momwe muno. Ndalamazo zikachedwa, mavenda amakhala atatuta kale, china chitaoloka malire, ndipo boma limagula chochepa pa mtengo wokwera.

Makolo amene adaona chaka cha 2002 aŵafotokozere ana zimene zidachitika. NFRA idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. M'zaka za 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe ya dziko, matani oposa 160,000, chidagulitsidwa pafupifupi chonse. Boma lidati lidatsata malangizo a IMF. A IMF adati iwo adangolangiza kuti chichepetsedwe, osati chithe. Pamene ankalozana chala, zokolola za 2001 zinali zitachepa, ndipo chimanga chimene chinkagulidwa pafupifupi K4 pa kilogalamu nthaŵi yokolola chidafika K40 m'misika ina. Boma lidaitanitsa china kuchokera ku South Africa, koma chidachedwa m'njira. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza za tsokalo mu Febuluwale 2002, anthu anali atayamba kale kudya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo maliro anali atachuluka m'midzi. Chaka chotsatira, mu Januwale 2003, chakudya cha chithandizo chikuloŵabe m'dziko, madzi osefukira adakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi, pakati pa Nkaya ndi Balaka, ndipo sitima zopita ku Salima ndi Lilongwe zidaima. Chimanga choitanitsa dzinja lili pakati chimadalira kuti mlatho ulipo ndipo mseu ukupitika. Chimene chili kale m'nkhokwe za ku Kanengo, Mangochi kapena Luchenza chilibe nkhaŵa ya doko ndi malire.

Tamvapo ena, ngakhale pakati pa akulu a mpingo, akunena kuti chakudya chaulere chimabala ulesi. Taganizani bwino za banja la ku Nkaya limene ufa waŵathera mu Disembala. Bambo ndi mayi amalaŵirira ku ganyu m'munda wa wina kuti apeze mbale ya ufa, pamene munda wawo ukumera thengo. Mbuzi imagulitsidwa pa mtengo wolira. Mbewu imene idasungidwa kuti ibzalidwe imaloŵa m'mphika. Mnyamata amasiya sukulu nayamba kuotcha makala, ndipo mtsikana amauzidwa kuti akwatiwe kuti pakhomo pachepe kamwa limodzi. Motero njala ya chaka chino imabzala njala ya chaka chamaŵa. Thumba la makilogalamu 50 likafika m'nthaŵi yake, limabwezera mlimi m'munda wake pa masabata amene kupalira sikudikira munthu. Ife tikuona kuti chimenecho ndicho chida cholimbitsa ntchito, monga khasu.

Ndi zoona kuti pogaŵa pamachitika zoipa. Maina a abale amalembedwa, a nkhalamba ndi amasiye n'kusiyidwa, ndipo nthaŵi zina thumba limasanduka nyambo ya chisankho. Tisaiŵale kuti ambiri mwa olemba mainawo amakhala nafe m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Mankhwala ake ndi kuŵerenga mainawo poyera, pamaso pa mudzi wonse. Nkhokwe ikaloŵa anankafumbwe sitiigwetsa, timaisamala.

Kwa zaka zambiri tazoloŵera kuti njala ikafika, abwenzi akunja adzatithandiza. Adatithandizadi mu 1992, mu 2005 ndiponso mu 2016, ndipo phala limene ana amamwa m'sukulu zambiri limadalira mabungwe monga WFP ndi Mary's Meals. Tiyenera kuthokoza. Koma m'chaka cha 2025 boma la United States lidatseka bungwe lake la USAID, ndipo chithandizo chake chidachepa m'maiko ambiri. Mwini nyumba amene amadikira moto wa kwa mnzake tsiku lina amagona osaphika. Ndalama za chakudya cha anthu anjala ziyenera kukhala ndi mzere wake m'ndondomeko ya chuma cha dziko, chaka chabwino ndi choipa chomwe. Ana a Sande Sukulu amadziŵa kuti Yosefe adasonkhanitsa tirigu wa Aigupto m'zaka za mwanaalirenji, osati njala itayamba kale.

Ndipo munthu wa ku Nkaya asachite manyazi pofunsa zimenezi, ngati kuti akupempha mphatso. Pogula chitenje, malata kapena mayunitsi a foni, amalipira msonkho umene udabisika mu mtengo. Ndalama za boma ndi zake zomwe. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Mpingo uli ndi mbali yake. Amayi a Mvano amasonkha ufa wa odwala, madikoni amayendera amasiye, ndipo ntchito imeneyi isaleke. Koma mbale za Mvano sizingadyetse anthu 5.7 miliyoni. Chimene tili nacho chochuluka ndi mawu. Kuyambira 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, kotero aphungu amakambirana bajeti mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi yomweyo imene m'midzi mwawo miphika yavundikiridwa. Nthaŵi yoŵalembera ndi imeneyo, bajeti isanadutse. Achinyamata amene mudaphunzira, khalani pansi ndi makolo anu, mulembe kalata yonena mabanja angati m'mudzi mwanu chakudya chidaŵathera ndi mwezi umene chidatha. Kalatayo ipite kwa phungu, ina kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu.

Aphungu athu timaŵaona kaŵirikaŵiri pa maliro ndi pa Pepa Sande, ndipo timaŵapempha bokosi, simenti kapena malata a tchalitchi. Akadzabweranso, tikatha kuŵalandira mwaulemu, tiŵafunse kuti ndalama zogulira chimanga cha m'nkhokwe ya dziko adavomereza zingati chaka chino, zidatuluka mwezi uti, ndipo chimangacho chidzafika liti pa msika wa ADMARC wapafupi ndi Nkaya.