Boma Likapereka Doko Kapena Sitima kwa Kampani: Pangano Limati Chiyani?

Asodzi anzathu, mwakhala mukumva pa wailesi mawu akuti PPP. Awa ndi mgwirizano wa boma ndi kampani yomwe si ya boma pa ntchito monga madoko, njanji ndi sitima. Ena amaganiza kuti boma lagulitsa katunduyo. Ayi. Katundu amakhalabe wa boma, kampani imangomuyendetsa kwa zaka zomwe agwirizana, kenako nkumubweza.

Chitsanzo chili panyanja yathu yomwe ino. M'chaka cha 2010 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima za pamadzi, kuphatikizapo Ilala, kwa kampani ya Mota-Engil ya ku Portugal pa pangano la zaka 35. Pambuyo pake madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba anaperekedwanso. Mota-Engil inakhazikitsa makampani awiri apadera, Malawi Shipping Company ya sitima ndi Malawi Ports Company ya madoko. Amachita izi kuti ndalama ndi ngongole za ntchito iliyonse zikhale m'mabuku akeake, zisasakanikirane ndi za kampani yaikulu. Kumbali ya boma, bungwe la PPP Commission, lomwe linabwera ndi lamulo la 2011 kulowa m'malo mwa Privatisation Commission, ndilo limathandiza kukonza mapangano otere.

Mtima wa pangano uli pa funso ili: zinthu zikavuta, aluze ndani? Nonse mukudziwa kuti mwini chilimira ndi alovi sayambana nsomba zikaphedwa zambiri. Amayambana injini ikafa kapena ukonde ukang'ambika, pomwe sanapangane kuti akonze ndani. Padoko ndi chimodzimodzi. Madzi atatsika, sitima zikuluzikulu zinkalephera kukocheza pa Chipoka. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo. Palibe kampani yomwe ingalamule madzi, choncho pangano labwino limanenera kale yemwe adzalipire zokumba matope kapena kukonza doko. Koma kusamala injini ndi kusunga nthawi ya ulendo, zimenezo ndi za kampani, chifukwa zili m'manja mwake.

Mbali ina yomwe ndimaona kuti imanyozeredwa ndi ya kubweza. Kampani ikadziwa kuti zaka zatsala ziwiri, ikhoza kusiya kukonza zinthu, boma nkudzalandira zitsulo zadzimbiri. Pangano liyenera kunena m'mene katundu adzakhalire pobwezedwa, ndi yemwe azimuyendera chaka ndi chaka.

Inu a BVC zikukukhudzani. Wamalonda akapempha kuyendetsa shedi, chimbudzi kapena makina a ayisi omwe anamangidwa pagombe panu, musavomere pakamwa pokha. Lembani zaka zake, mtengo womwe asodzi ndi ogula nsomba azilipira, yemwe angaukweze, ndi njira yomuchotsera akalephera. Asainire a komiti, a mfumu ndi a ku khonsolo, ndipo mlangizi wa zausodzi asunge kope limodzi. Wa komiti yemwe ali ndi gawo m'bizinesiyo asakhale pa gulu loyang'anira.