Dzina likasowa m'kompyuta, pepala lanu ndiye mboni

Akuluakulu a m'maboma a Tsangano ndi Macanga akukumbukira bwino zaka za nkhondo. Anthu opitirira miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja anabwerera ku Ntengo-wa-Mbalame, Furancungo ndi Chidzolomondo. Ambiri anapeza kuti mabuku a kalembera wa kubadwa anapsa kapena kusowa, ndipo ana obadwira kumisasa analibe sedula.

M'chaka cha 2018 boma linasintha lamulo la Registo Civil kuti maina azisungidwa m'kompyuta, munthu aliyense ali ndi nambala yakeyake yotchedwa NUIC. Koma kompyuta nayo imadwala.

Makinawa amasunga nkhani m'mindandanda yolumikizana. Mndandanda wina ndi wa ana, wina wa makolo, wina wa midzi, ndipo chomangirira zonsezi ndi nambala. Magetsi akathima makina ali pakati polemba, kapena chosungira nkhani chikawonongeka, mfundoyo imamasuka. Mwana amaoneka wopanda mayi, kapena chaka chake chobadwa chimasokonekera.

Akatswiri amakonza vutoli motsata ndondomeko. Choyamba amaimitsa kulemba kuti chilonda chisakule. Kenaka amatenga kope lomwe anasunga pamalo ena makina asanawonongeke. Pomaliza amawerenga kabuku ka m'makina komwe kamalemba ntchito iliyonse motsatana, n'kubwezera zonse zomwe zinachitika kuyambira tsiku la kopelo. Ngati kope kulibe, palibe mankhwala: amabwerera ku mapepala ndi mboni, monga zinalili nkhondo itatha.

Apa ndi pomwe inu a kumudzi muli ndi gawo. Sedula, bilyeti, khadi la sikelo ya mwana ndi chiphaso cha ubatizo muzizikulunga m'pulasitiki n'kuziika pomwe chiswe ndi mvula sizifika. Nambala ya mwana muilembenso m'kope lina, lomwe mungasungitse kwa malume ake. Mukalandira chikalata chatsopano, chiwerengeni musanachoke pa ofesi. Wosatha kuwerenga apemphe mnzake. Chilembo chimodzi cholakwika chingavutitse mwana pa mayeso a sukulu kapena pa chipata cha Biribiri.

Alimi a kuno amadziwa kuti mbewu ya mbatatesi saisunga m'nkhokwe imodzi. Dzina la mwana nalonso lisungidwe pawiri.