Kuthamanga m'Njira za ku Nkhotakota: Mafunso ndi Mayankho

Masiku ano kuthamanga sikulinso kwa osewera mpira ndi asilikali okha. Aphunzitsi, anamwino ndi amalonda apaboma amalawirira kukaongola miyendo, ena chifukwa kuchipatala anawachenjeza za shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ambiri amangotsata msewu wa tala. Mafunso otsatirawa ndi a iwo amene tala wawakwana, ndipo akufuna kulowa m'tinjira ta kugombe, ta m'madambo ndi ta kumapiri.

Funso: Kodi dera la Nkhotakota lili ndi malo otani othamangamo?

Yankho: Kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, dziko la kuno lili m'magawo atatu. Loyamba ndi gombe la nyanja ya Malawi, yomwe madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Lachiwiri ndi chidikha cha minda ya chinangwa, mpunga ndi nzimbe, momwe mumadutsa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay. Lachitatu ndi zitunda zokwera cha ku Ntchisi ndi Kasungu, komwe phiri la Chipata limapitirira mamita 1,600. Mitsinje ya Bua, Dwangwa, Kaombe ndi Lifuliza imatsika m'zitundazi n'kudula chidikha chonse polowera kunyanja. Motero aliyense wothamanga motsata nyanja adzakumana ndi mtsinje posachedwa, ndipo wolowera kumadzulo adziwiretu kuti kutsogoloko n'chitunda.

Funso: Anthu amati kuthamanga pamchenga kumalimbitsa thupi kuposa pamsewu. N'zoona?

Yankho: N'zoona, koma mchenga uli pawiri. Wouma wa kumtunda umatitimira. Phazi likamakankha, mphamvu ina imathera m'kufukula mchengawo. Ofufuza anapeza kuti kuthamanga pamchenga wotere kumadya mphamvu pafupifupi kuchulukitsa ka 1.6 poyerekeza ndi pamalo olimba. N'chifukwa chake munthu wozolowera makilomita 10 pamsewu amapezeka ali wefuwefu asanafike theka. Mchenga wonyowa, pamene mafunde angobwerera, ndi wolimba ndi wokoma kupondapo, koma ndi wopendekera kunyanja, ndiye mwendo umodzi umaponda mmunsi kuposa unzake. Mupite ndi kubwerera njira yomweyo kuti miyendo yonse ilandire mofanana, apo ayi bondo ndi chiuno zidzakuuzani madzulo.

Komanso gombe ndi malo a ntchito. M'mamawa asodzi amakhala akukocheza mabwato, ena akukoka khoka, zingwe zitatambalala pamchenga, amayi ogula usipa atandanda ndi mabeseni awo. Zungulirani kumtunda. Kulumpha chingwe kapena ukonde wa mwini ndi mwano, ndipo asodzi ena amakutenga ngati kuwaika tsoka.

Funso: Nanga njira yabwino koposa ndi iti?

Yankho: Kwa ine, ndi tinjira ta pachidikha, tomwe anthu amayendamo tsiku ndi tsiku: topita kumunda, kuchigayo, kumjigo, kusukulu ndi kudooko. Palibe amene anatilambula ndi cholinga cha masewera. Tinapangika ndi mapazi a anthu osenza katundu, ndipo munthu wosenza thumba la makaka a chinangwa sasankha njira yoipa. Amadziwa pouma nthawi ya dzinja, amadziwa powolokera, amapewa pomwe pali chitedze. Wothamanga akatsata mapazi amenewa amapeza dothi lopondedwa bwino, lofewa kuposa tala koma losatitimira ngati mchenga, ndi mthunzi wa mango mudzi uliwonse.

Woyamba kumene angathe kuyambira paboma penipeni: kuchoka pa tchalitchi cha All Saints cha Anglican, pomwe panaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895, kutsikira kudooko, n'kubwerera kudzera m'midzi. Wofuna mtunda wautali alowere kummwera, cha ku Sani ndi ku Chia, komwe njira zimasinthasintha pakati pa mchenga, minda ndi madambo. Kumpoto, ku Dwangwa, misewu ya m'minda ya nzimbe ndi yowongoka ndi yosalala, yabwino poyesa liwiro, koma ndi ya kampani ndi alimi ake. Pemphani kaye, ndipo m'nyengo yodula nzimbe muzisamala mathirakitala ndi utsi.

M'madambo a mpunga, monga kusikimu ya Bua, mizere ya dothi yolekanitsa minda imaoneka ngati njira, ndipo eni ake amayendapodi, koma ndi yosungira madzi. Mukaigumula ndi nsapato, mwathira madzi a mlimi m'munda wa mnzake, ndipo mlandu wake ukafika kwa amfumu.

Funso: Kodi anthu a m'midzi sadabwa kuona munthu akungothamanga popanda chomuthamangitsa?

Yankho: Ana amasangalala, ena amakutsatirani mpaka kumalire a mudzi. Akuluakulu ndiye amayamba adzifunsa kuti kumbuyo kwanu kwachitika chiyani, pakuti kumudzi munthu wamkulu akamathamanga ndiye kuti kwagwa zovuta, kapena waba. Mlendo wothamanga kusanache, wosapereka moni, atha kukuwiridwa. Njira yopewera izi ndi yapafupi: tsiku loyamba muyende wapansi masana, mupereke moni, mukaonekere kwa amfumu. Pothamangapo, mukamadutsa pakhomo pa munthu chepetsani liwiro n'kunena kuti, “Zikomo, tadutsa nawo.” Gogo wokhala pakhonde akayankha kuti, “Pitani bwino, mwanawe,” dziwani kuti pofika mawa mudzi wonse ukhala utamva kuti ndinu wa masewera.

Pali malo osalowamo. Kankhalango kowirira pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa kumandako n'komwe kumakhala dambwe la Gule Wamkulu. Mthunzi wake usakukopeni. Mukapeza maliro panjira, imani kuthamanga, vulani chipewa, muyende mpaka mutadutsa. Nkhotakota ilinso ndi Asilamu ambiri, ndipo kaya ndi pafupi ndi mzikiti kaya ndi tchalitchi, kabudula wamfupi kwambiri kapena kuthamanga chifuwa chili pamtunda sizilandiridwa bwino. Amayi ambiri othamanga amamanga chitenje m'chiuno n'kuchimasula akatuluka m'mudzi.

Funso: Nkhalango yaikulu ili pafupi pomwepa. Bwanji osakathamanga mmenemo?

Yankho: Chifukwa muli eni ake. Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndipo kuyambira 2015 imayendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Pa nthawiyo njovu zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi njati, mphalapala ndi nyama zina, ndipo anamanga mpanda wamagetsi. Amene amakumbukira nkhalangoyi ili zii, anthu akudutsamo ndi njinga mmene afunira, aiwale zimenezo. Njovu ikafulumira imafika makilomita 25 pa ola, liwiro lomwe wothamanga wamba sangalisunge ngakhale pamsewu wosalala, nanji m'tchire. Choipa china n'chakuti wothamanga amafika mwadzidzidzi, akumva kupuma kwake kokha, osamva nthambi zikuthyoka kutsogolo.

Kuyenda wapansi kumaloledwa, koma motsogozedwa ndi msilikali wa nkhalango, ndipo ndi mmene anthu amakwerera phiri la Chipata kapena kutsata mtsinje wa Bua. Msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa m'nkhalangomu, koma mbali imeneyo muisiyire galimoto.

Palinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma omwe matendawa amapezekabe, pamodzi ndi Rumphi ndi Kasungu. Kashembe amatsata chinthu choyenda ndipo amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu za misampha yake zimakhala za mitundu imeneyi. Tsono taganizani munthu wovala jezi yabuluu ndi kabudula wakuda akuthamanga m'mbali mwa mpanda! Valani zotuwira. Mukalumidwa, pakatuluka chotupa chowawa kenako n'kuyamba kutentha thupi, musangomwa mankhwala a malungo. Pitani kuchipatala mukanene kumene munali, pakuti kaodzera wa kuno amakula msanga.

Funso: Ndiye wofuna zitunda ndi mitengo apite kuti?

Yankho: Kunja kwa mpanda zitunda zilipo zambiri, makamaka kummwera chakumadzulo, m'dera la Mwansambo, komwe njira zimakwera kulowera ku Ntchisi. Mu Sepitembala mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira, ndipo kumapeto kwa chaka mumaponda masuku akugwa okha. Amene angakwanitse ulendo akafike ku nkhalango ya Ntchisi, yobiriwira chaka chonse, yozizira, yokhala ndi anchima m'mitengo ndi tinjira toyendamo alendo.

Njira zokwera kumadzulozi n'zakale kuposa misewu yonse ya kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pomwe Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, minyanga ya njovu ndi akapolo zinkatsika kuchokera kumtunda kudzakwezedwa m'zombo zowoloka nyanja, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anakwera zitunda zomwezi mu 1863 polowera cha ku Kasungu. Wotsika chitunda lero, nyanja ikuoneka patsogolo pake, akuona zomwe ankaona anthu omangidwa m'magoli aja.

Potsika ndi pomwe ambiri amavulala. Fupikitsani mapazi, makamaka pa timiyala tosalala ta m'chilimwe.

Funso: Kodi m'mbali mwa mitsinje muli bwino?

Yankho: Kukongola kulipo, makamaka ku Bua, mtsinje womwe mpasa zimakwera kukaswana. Koma kumathiriro a mitsinje, m'mabango ndi kuthamanda la Chia kuli ng'ona, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya kumtunda n'kubwerera m'bandakucha, nthawi yomweyo imene wothamanga amaikonda. Mukaona kanjira kotakata kochokera m'madzi, kokhala ndi mapazi akuluakulu a zala zinayi ndi ndowe zomwazika m'tchire, si ka anthu ayi, ndipo musaime pakati pa mvuu ndi madzi. Wolokerani pomwe eni dera amawolokera. Safunsa anadya phula. Musadziziziritse m'madzi odikha a m'mabango, muli nkhono za likodzo. Ndipo poyandikira dooko losambirapo, imani patali n'kufuula kuti, “Odi kumadziko!” Mukamva kuti, “Dikirani!” mudikiredi.

Funso: Nyengo ndi nthawi yabwino ndi iti?

Yankho: Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe mwera ukuwomba, kunja kuli kozizira ndipo njira zauma. Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 30. M'miyezi iwiriyi dzuwa limatuluka 5 koloko itangodutsa, ndipo ikamakwana 7 muzikhala mutabwerera. Thupi litha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, choncho pa mtunda wautali tengani madzi, ndipo pobwera thobwa kapena Thanzi ORS zimabwezera zomwe zatayika. Dzinja limasintha njira zonse. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anasamutsa anthu zikwizikwi ku Dwangwa, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumiza magombe omwe anthu ankayendapo. Kakhwawa kouma m'mamawa kangathe kudzaza masana ngakhale kuno kusanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumapiri.

Funso: Kodi nsapato zodula n'zofunika?

Yankho: Ayi. Za pakaunjika zimakwana, bola zikhale ndi mano kunsi ndi malo okwanira zala. Pagombe ena amathamanga opanda nsapato, koma pafupi ndi madooko pamakhala mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi osweka.

Funso: Munthu wokonzekera mpikisano, monga wa Porters Race ku Mulanje, angapindule ndi njira za kuno?

Yankho: Angapindule, akazigawa bwino. Mpikisano umenewo umayambira pa Likhubula, n'kukwera phiri ndi kutsika pa mtunda wopitirira makilomita 20, choncho chidikha chokha sichingamukonzekeretse. Tsiku limodzi pa sabata likhale la mchenga, lina la zitunda, kukwera ndi kutsika mobwerezabwereza, ndipo mtunda wautali authamange m'tinjira ta m'midzi. Akakakamizika kudutsa mu M5, athamange kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera. Msewuwu ndi wopapatiza m'malo ambiri, ndipo pamilatho ing'onoing'ono ndi bwino kuima kaye mpaka lole ndi akabaza atadutsa.